Basela Amene Ndinaika pa Kompyuta ya Mayi Mhango

Inu owerenga, pali kulakwa kumene munthu amalakwa ndi mtima woipa, ndiye pali kulakwa kumene amalakwa uku akumwetulira, akuganiza kuti akuthandiza. Kwanga kunali kwachiwiriku. Ndinatsala pang'ono kugwetsa maphunziro a mayi wina amene anandikhulupirira, maphunziro amene anawavutikira zaka zambiri, chifukwa cha dzanja langa loyabwa ndi pakamwa panga potseka. Nkhaniyi inatha bwino, moti ndikulemba pano mtima uli m'malo, nthawi zina ndikudziseka ndekha. Koma ndikufuna muimve yonse kuti inu musadzadutse njira imene ndinadutsa ine.

Ndine mtsikana wa ku Biwi. Ndinaphunzira za makompyuta pa kakoleji kena, ndipo ntchito itasowa ndinatsegula kabenchi pafupi ndi pamene amayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi. Ndimakonza mafoni ndi malaputopu. Masiku oyamba anyamata a pamsika ankandiseka kuti mkazi ndi sikuludiraiva n'zosayenderana, koma lero ndi omwewo amene amaima pamzere mafoni awo akazima, uku akunditcha injiniya. Dzinali linandikoma kwambiri, sindinama. Linandilowa m'mutu mpaka ndinayamba kuyenda ngati makina onse a mu Lilongwe ndinawapanga ndine.

Mukudziwa inu kuti munthu akagula mulu wa tomato, wogulitsa wodziwa ntchito amaponyapo awiri kapena atatu a basela. Amayi anga ndi akatswiri pa zimenezi, n'chifukwa chake makasitomala awo sawathawa. Ine ndinatengera khalidwe lomwelo n'kulilowetsa mu ntchito yanga. Munthu akabweretsa foni kuti ndisinthe galasi, ndinkasintha galasilo, kenako n'kumuchotsera zinyalala zodzaza m'fonimo, n'kumuikira mapulogalamu atsopano m'malo mwa akale. Sindinkafunsa. Ankachoka akuyamikira kuti foni yapepuka. Kwa ine, kubweza makina a munthu ali ndi pulogalamu yakale kunali ngati kupatsa mlendo madzi m'kapu yosatsuka.

Basela yemweyu ndi amene anandikumanitsa ndi Mayi Mhango. Iwo ndi mphunzitsi pa yunivesite ina kuno ku Lilongwe, amakhala ku Area 25, kwawo ndi ku Rumphi. Tsiku lina laputopu yawo inawazimira ali kocheza kwa mbale wawo ku Kawale, ndipo wina anawalozera pa kabenchi kanga. Ndinaikonza, n'kuwaikira basela monga mwa masiku onse. Anasangalala, tinacheza, anandifunsa za sukulu yanga. Patatha mwezi anandiimbira foni kuti akufuna munthu wowathandiza kwa miyezi ingapo pa kafukufuku wawo. Ndinavina pakati pa msika, amayi anga akuimba nthungululu, ogula tomato akudabwa kuti kwagwanji.

Mayi Mhango ankamaliza digiri yapamwamba ija imene munthu akaitenga amatchedwa dokotala ngakhale sabaya jakisoni. Kafukufuku wawo anali wokhudza utsi wa makala ndi nkhuni, mmene umavutitsira zifuwa za amayi ophika ndi ogulitsa zakudya ku Mgona ndi ku Chinsapo. Amayiwo anayankha mafunso ambiri, ena okhudza matenda amene munthu sauza ngakhale mnansi wake. Chifukwa cha zimenezi mayankho awo sankasungidwa pa laputopu ya munthu aliyense. Ankakhala mu kompyuta yapadera ya yunivesite, imene onse ankangoitchula kuti VM.

Ndifotokoze pang'ono za kompyuta imeneyi, pakuti inenso inandidabwitsa. Si kompyuta yoti mungainyamule kapena kuipukuta fumbi. Imakhala m'kati mwa makina aakulu otsekeredwa m'chipinda china chozizira, ndipo inu mumangoiona pa sikirini ya mu ofesi mukalowa ndi pasiwedi yanu ndi nambala imene imabwera pa foni. Mukalowamo muli ngati m'nyumba yopanda mawindo. Fulashi yokopera mafayilo siigwira, intaneti mulibe, simungatulutse fayilo ngakhale imodzi. Mapulogalamu amachokera m'nkhokwe ya yunivesite yomweyo, ndipo kuti muikemo iliyonse mumalemba fomu. Magetsi akazima mu ofesi, iyo imangopitiriza ntchito kumene ili. Ine wozolowera kuyenda ndi fulashi yodzaza mapulogalamu m'thumba, ndinaona ngati andimanga manja.

Woyang'anira makinawo anali a Chisale, bambo wamtali wolankhula mosathamanga, amene ankawerenga fomu iliyonse ndi chala ngati kalata ya kukhoti. Tsiku loyamba anandisainitsa pepala lolumbira kuti ndidzasunga chinsinsi cha amayi aja, ndiponso kuti sindidzasintha kanthu popanda chilolezo. Ndinasaina msangamsanga, mumtima ndikuti madalawa akukulitsa nkhani. Chinthu cha mphindi zisanu mpaka fomu? Ku Biwi ndikanakhala nditamaliza kale n'kumwa ndi tiyi.

Miyezi iwiri inayenda bwino kwambiri. Ndinkakwera minibasi m'mamawa, kabenchi nditakasiya kotseka, n'kukafika mu ofesi ya Mayi Mhango nditavala siketi yosita bwino. Ntchito yanga inali kusanja mafayilo, kuona ngati mayankho alembedwa molondola, ndi kuyendetsa pulogalamu yowerengera manambala. Mayi Mhango anali atalemba malamulo awo ouza pulogalamuyo mmene iwerengere, mizere yambirimbiri imene anaivutikira zaka. Ankanditcha mwana wanga, ankandibweretsera nthochi, ndipo akatopa ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka chapansipansi. Ndinaphunzira zambiri, ndipo a Chisale nawo anayamba kundimwetulira ataona kuti ntchito ndimaidziwadi.

Kenako inafika sabata yomaliza. Buku la kafukufuku linayenera kuperekedwa Lolemba lotsatira, nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Likanachedwa, Mayi Mhango akanadikira chaka china, ndipo tchuthi chimene anapatsidwa kuntchito kuti amalize maphunziro chinali chitatha. Panatsala chaputala chimodzi chokha, chomaliza, ndi mapu osonyeza madera a kafukufuku. Mapuwo ankafuna kapulogalamu kena kowonjezera kamene munalibe mu VM.

Lolemba la sabata imeneyo tinalemba fomu, inavomerezedwa, koma a Chisale anaitanidwa ku msonkhano wa tsiku lonse. Pofuna kuti tisachedwe, anachita chimene sachitachita. Ananditsegulira mphamvu zoikira mapulogalamu mpaka faifi koloko madzulo, n'kundipatsa kapepala kolembedwa dzina la kapulogalamuko ndi nambala yake.

"Ichi chokha, achemwali," anatero akuloza ndi chala chija. "Mukamaliza mutseke."

Ndinakaika bwinobwino. Ndinakalozera kumene kuli mafayilo, n'kukapatsa malo okwanira ogwirira ntchito, n'kukayesa ndi manambala ongopeka kuti ndione ngati kakujambula. Mapu anatuluka okongola, Mgona apa, Chinsapo apo. Ntchito imene anandituma inathera pamenepo, nthawi ili itangopitirira thuu koloko. Ndikanatseka n'kupita kukagula chimanga chootcha, bwenzi nkhani ino kulibe.

Koma pakona pa sikirini panali uthenga wakuti timapulogalamu tambiri tam'menemo tili ndi atsopano ake m'nkhokwe. Ndinayang'ana mndandandawo n'kugwedeza mutu. Tina tinali ta zaka zitatu zapitazo! Ndinamva chisoni kuti mayi wabwino chonchi akugwira ntchito ndi zinthu zakalekale, a Chisale ali pompo osamuthandiza. Dzanja linayamba kuyabwa. Ndinati mumtima, mayi ameneyu wandichitira zabwino zambiri, lero alandire basela. Ndinadina, n'kukhala pansi kuonerera timizere tobiriwira tikudzaza kamodzikamodzi, ndikudziona ngati mngelo. Sindinauze munthu, ndinkafuna adzadabwe okha ndi liwiro la makina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo ndinalidya lambiri.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ukale wa timapulogalamuto sunali ulesi wa munthu. Eni ake anasiya takaleto choncho dala. Malamulo a Mayi Mhango analembedwa motsatira mmene takaleto tinkawerengera, ndipo tatsopano tinkawerenga mosiyana pang'ono, makamaka pamene mayi wina sanayankhe funso. Zinali ngati kusintha mbale yoyezera ufa malonda ali m'kati. Ufa ndi womwewo, koma kuchuluka kwa mbale kumasiyana. Pa kafukufuku, munthu wina akabwereza kuwerengera ayenera kupeza zomwezo zimene mwapeza inu, ndiye chifukwa chake zida sazisintha pakati pa njira.

Lachiwiri m'mawa Mayi Mhango anayendetsa malamulo awo kuti atenge manambala oika m'chaputala chomaliza. Makina sanadandaule, sanalembe kuti pali cholakwika. Anangotulutsa manambala osiyana pang'ono ndi amene anali kale m'machaputala ena, amene aphunzitsi awo anali atawaona n'kuwavomereza. Anabwereza, zinatuluka zosiyana zomwezo. Anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kubwerezanso. Ndinawaona nkhope ikugwa.

Ine ndinazindikira kuti vuto ndi basela wanga uja nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Iwo atatuluka pang'ono ndinayesa kubwezeretsa zakale, koma mphamvu zija zinali zitatsekedwa dzulo lake, ndipo makina anandikanira ngati sakundidziwa. Apa ndi pamene panali mphambano, inu owerenga. Ofesi ya a Chisale inali zitseko zitatu kuchokera pamene ndinakhala. Ndikanangoyenda n'kukanena. Koma ndinaganiza za ntchito yanga, za pepala ndinasaina lija, za anyamata a pamsika akumva kuti injiniya wa ku Biwi amuthamangitsa ku yunivesite. Ndinadziuza kuti mwina zikonzeka zokha, mwina vuto si ine. Ndinatseka pakamwa.

Lachitatu ndi Lachinayi anali masiku onyansa kwambiri pa moyo wanga, ndipo ndimachita nawo manyazi kuposa kudina kuja. Mayi Mhango sanakayikire makina, sanakayikirenso ine. Anadzikayikira okha. Anati mwina analakwitsa penapake zaka zapitazo, ndipo manambala olondola ndi atsopanowa, kutanthauza kuti buku lonse laima pa mchenga. Anasiya kulemba chaputala chomaliza n'kuyamba kufufuza mzere uliwonse wa malamulo awo, kusintha apa, kubweza apo. Ine ndinakhala pambali pawo ndikuwawerengera mayankho limodzilimodzi, ndikunamizira kufunafuna chinthu chimene ndinali nditakhalira. Akandiyang'ana ndinkakwinya nkhope ngati nanenso ndadabwa.

Lachinayi masana ananditenga kukandigulira tchipisi pa chiwaya cha kunja kwa geti, ati pondithokoza kuti sindinawasiye okha pa mavuto. Tikudya anandiuza kuti ayamba kulemba kalata yopempha kuti adikire chaka china.

"Mwina mutu wakalamba, mwana wanga," anatero akuseka kuseka kosachokera mumtima. "Sukulu imafuna ana ngati iwe."

Ine amene ndimamaliza mbale ndekha n'kupempha kabichi wowonjezera, tsiku limenelo ndinasiya theka.

Lachisanu m'mamawa ndinali kuthandiza amayi kusanja tomato ndisananyamuke, ndipo ndinaika wowola pamulu wa wabwino kawiri konse. Amayi anandilanda dengu n'kundifunsa ngati ndili ndi mimba kapena ndaba. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekezera kuti za makompyuta sazimva, angondisisita kumsana. Anamva bwino lomwe. Anaima manja m'chiuno n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, unandionapo ine ndikuponya tomato m'jumbo ya munthu iye atayang'ana kumbali? Basela timaika wogula akuona, akafuna amakana. Ndiponso timatapa pamulu pathu. Iwe unatapa pa katundu wa eni. Pita ukanene, usandichititse manyazi pano."

Ndinati ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Anayankha kuti kabenchi sikanapse, kakundidikira, ndipo manyazi anapha lambe. Anandikankhira ku siteji okha, n'kuima mpaka minibasi itanyamuka, kuopa ndingatsike.

Ndinawapeza Mayi Mhango atafika kale, kalata ija ili pa sikirini. Sindinakhale pansi. Ndinanena zonse nditaima, kuyambira pa kapepala ka a Chisale mpaka pa timizere tobiriwira. Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Ndiye kuti mutu wanga uli bwinobwino?"

Ndinavomera kuti uli bwinobwino. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, akumenya tebulo, akuitana Chiuta wawo. Nanenso ndinayamba kumwetulira, ndikuona ngati ndapulumuka. Koma atapukuta misozi anandifunsa kuti ndinazindikira liti. Ndinayankha kuti Lachiwiri. Kuseka kunathera pomwepo.

"Za Lolemba ndakukhululukira kale, unkafuna kundikomera mtima," anatero mofatsa. "Za Lachiwiri undipatse nthawi."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Ndikanakonda akanandikalipira.

Tinapita limodzi kwa a Chisale. Ndinabwerezanso nkhani yanga, iwo akumvetsera atatseka maso. Nditamaliza anapumira m'mwamba n'kunena kuti anthu odziwa pang'ono sawaopa, amaopa odziwa kwambiri ngati ine. Kenako anatiuza chinthu chimene chinandibwezera mpweya. Iwo asanapatse munthu aliyense mphamvu zoikira mapulogalamu, amayamba atenga kope la kompyuta yonse monga ilili nthawi imeneyo, ndipo kopelo limasungidwa sabata imodzi. La Mayi Mhango linali lidakalipo. Ndikanakhala chete mpaka Lolemba, likanafufutika lokha, ndipo kufufuza nambala ya kapulogalamu kakale kalikonse n'kukabwezeretsa pamanja kukanatenga masiku amene tinalibe.

Anasunga padera zolemba za Mayi Mhango, n'kubweza kompyuta yonse kuti ikhale mmene inalili Lolemba m'mawa. Kapulogalamu ka mapu kaja anandiuza kuti ndikaikenso ndekha, iwo ataima kumbuyo kwanga. Uthenga wa pakona uja utatulukanso, anatsokomola. Ndinaika manja onse awiri pamiyendo ngati mwana wa sitandade wani, ndipo onse awiri anaphulika kuseka. Atatero anandipatsa pepala kuti ndilembe ndi dzanja langa zonse zimene ndinachita, nthawi yake, ndi chifukwa chake. Pa chifukwa ndinalemba zoona, kuti ndinkafuna kupereka basela. A Chisale anawerenga ndi chala, n'kunena kuti zaka zonse agwira ntchito sanalandirepo lipoti lotere.

Kenako Mayi Mhango anayendetsa malamulo awo akale aja, osasinthidwa. Tonse atatu tinayang'anitsitsa sikirini osapuma. Manambala anatuluka. Anatenga buku lawo n'kuyamba kufananiza, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Onse anali ndendende. Mayi wamkulu, mphunzitsi wolemekezeka wa pa yunivesite, anaimirira n'kuimba nthungululu mu ofesi imene anthu amayenda monyang'ama. Mlonda anabwera akuthamanga ndi chibonga, akuganiza kuti kwalowa njoka. Anatipeza tikuvina, a Chisale akuwomba m'manja mosathamanga ngati mmene amalankhulira. Kalata yopempha chaka china ija anandiuza kuti ndiifufute ndine, ndipo sindinafufutepo fayilo mokondwa chonchija.

Komabe masiku anayi anali atapita, chaputala chomaliza chisanalembedwe. Mayi Mhango ananena kuti tigwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, ndipo a Chisale anakonza chilolezo choti tilowe. Anali masiku awiri okoma modabwitsa. Iwo ankalemba, ine ndikukonza mapu ndi matebulo, ndipo chilichonse ndisanachikhudze ndinkafunsa, mpaka anatopa nane n'kunena kuti za kusuntha mpando ndisamafunse. Amayi anga anatitumizira mbatata yophika ndi mapeyala pa kabaza. Lamlungu tinayamba ndi pemphero mu ofesi momwemo popeza kutchalitchi sanapite. Lolemba, nthawi ya nkhomaliro isanakwane, buku linaperekedwa. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti za Lachiwiri zija nazonso zatha. Ndinalira pa khonde la yunivesite anthu akuona, ndipo sindinasamale.

Ntchito sanandichotse. A Chisale, atatha kundiletsa kukhudza za mapulogalamu kwa mwezi wathunthu, anayamba kundiphunzitsa okha mmene amakonzera makompyuta amenewa: kulemba nambala ya pulogalamu iliyonse, kuyesa chatsopano pa kompyuta ina yopanda mayankho a anthu, kutenga kope usanasinthe kanthu. Lero ophunzira atsopano akabwera ndine amene ndimawafotokozera za fomu, ndipo akakwinya nkhope ndimawamvetsa chifukwa ndinali komweko.

Patapita miyezi, Mayi Mhango anakhoza. Kunyumba kwawo ku Area 25 kunali phwando losaiwalika. Kunabwera abale ochokera ku Rumphi, amayi a kumpingo atavala zofanana, ndi amayi ena a ku Mgona ndi ku Chinsapo amene anayankha mafunso aja, atabwera kudzaona dokotala wawo. Kunali mpunga, nkhuku, thobwa, ndi kwaya imene inaimba mpaka agalu a m'mudzi anasiya kuuwa. Amayi anga anafika ndi dengu la tomato, ndipo atakumana ndi a Chisale anawathokoza ngati anandichotsa m'chitsime. Ine ndinavina mpaka nsapato inaduka lamba.

Ndili pakhonde kumangirira nsapatoyo, panabwera mtsikana wamsinkhu wanga, wansangala, dzina lake Wezi. Anali mwana wa malemu mchemwali wawo wa Mayi Mhango, ndipo ndi iwo amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Anandikumbatira ngati timadziwana kale.

"Ndiye ndinu asisi a basela?" anatero akuseka. "Ndinu amene munandilanda amama pa chinkhoswe changa!"

Sindinamvetse, ndiye anandifotokozera, akusekabe, wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono. Chinkhoswe chake chinachitika ku Rumphi Loweruka lomwe lija tinali mu ofesi kudya mbatata. Mayi Mhango anali atakonza zomaliza buku Lachinayi, n'kukwera basi Lachisanu kuti akakhale pa mpando wa mayi wa mwana. Nsalu anali atasoketsa kale. Masiku atatayika, anaimba foni kumudzi kuti sabwera, ndipo anachita zimenezi ine osadziwa. Masiku awiri onse aja ankaimba nyimbo, kundigawira mapeyala, osatchula kanthu. Wezi anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi. Iye anali atagwada ndi lichero m'manja, wokongola kwabasi, ndipo pa mpando wa kutsogolo panali mayi wina woyandikana nawo nyumba amene anangopemphedwa m'mawa mwake.

Ndinapepesa mpaka Wezi anandigwira pakamwa, ati ukwati ukubwera ndipo amama akakhalako, ine ndidzabwere ndi kamera. Anandikokera kubwalo kukavina. Ndinavina, koma mwendo unali utalemera.

Tsono ndikupempheni, inu owerenga, makamaka anzanga amene manja anu amadziwa makina. Akakutumani chinthu chimodzi pa katundu wa eni, chitani chimodzicho n'kutseka. Mukaona china chofunika kukonza, tsegulani pakamwa musanatambasule dzanja, pakuti chimene inu mukuchiona ngati chakale mwina mwini wake anachisiya dala. Fomu imene ikukutopetsaniyo inalembedwa chifukwa cha anthu ngati ine. Ndipo mukalakwitsa, nenani tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, manyazi ali aang'ono. Kudina kwanga a Chisale anakukonza pa mphindi zochepa, ndipo ndikanayenda zitseko zitatu zija Lachiwiri, Mayi Mhango akanataya theka la tsiku basi. Anakhoza, ndine wokondwa, ndipo mpaka lero amanditcha mwana wanga. Koma mwana amene anamulera ndi manja awo anagwada pamaso pa mayi wa eni pa tsiku la chinkhoswe chake, chifukwa ine ndinakhala chete masiku atatu.